Besi ikumveka kukhoma koma pa sofa palibe, ndithandizeni

Limbani: Moni nonse pagulu. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za masipika. Ndili ndi receiver (bokosi lomwe limalandira phokoso n'kuligawira masipika), masipika asanu ndi subwoofer (sipika ya besi) imodzi ya mainchesi 12 yokhala ndi chibowo chotulutsira mpweya kumbuyo. Balaza langa ndi la mamita 5 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi. TV ili pakhoma lalifupi, subwoofer ili pakona kumanja kwake, ndipo sofa ili pakati pa chipinda chifukwa kumbuyo kwake ndi njira ya anthu.

Ndikakhala pa sofa, besi yakuya ija siifika. Mufilimu bomba likaphulika ndimangomva kuti phu, basi. Koma ndikapita kukatsamira khoma lakumbuyo, imagunda mpaka pachifuwa, magalasi a zenera n'kumalira. Ndikakweza subwoofer am'nyumba amadandaula, pomwe ine mwini sindikumva kusintha. Maiki yoyezera chipinda inaika mu receiver masipika akutsogolo pa Large, subwoofer pa -12 dB, ndipo inati ili pa mtunda wa mamita 4.5 pomwe tepi ikuti mamita 3. Kodi ndi yaing'ono, ndigule ina?

Gift: Ya 12 ndi yachibwana achimwene. Pezani ya 15 nkhani ithe.

Mphatso: Ayi, musagule kanthu kaye. Subwoofer yomwe ikuliza magalasi ili ndi mphamvu zokwanira. Chikukuberani besi ndi malo amene mukukhala. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho funde la 34 Hz (lonjenjemera ka 34 pa sekondi) ndi lalitali pafupifupi mamita 10, kuwirikiza kawiri litali la balaza lanu. Likagunda khoma limabwerera n'kukumana ndi lomwe likubwera kumene. M'mbali mwa makoma awiriwa amathandizana, besi n'kukula, koma pakati penipeni amafafanizana. M'lifupi la mamita 4 zomwezo zimachitika cha pa 43 Hz. Ndiye ngati mumakhala pakati pa sofa, sofayo ilinso pakati pa chipinda, mwakhala pomwe maenje awiri osowa besi akumana, ndipo 34 ndi 43 ndi dera lomwe kuli kugunda kwa mabomba ndi mabingu a m'mafilimu. Pamalo omwewo 69 Hz imakwera, n'chifukwa chake mukumva kaphokoso ka pamwamba kokha.

Mukaika ya 15 pakona pomwepo, mafunde onse awiri akula mofanana n'kupitiriza kufafanizana. Zili ngati kuthira madzi mu ndowa yobooka. Equalizer, yomwe imakweza kapena kutsitsa magawo a phokoso, nayonso siingakwirire dzenje lotere, imatha bwino kutsitsa pomwe pakwera basi. Sunthani sofa ndi theka la mita kapena kuposerapo, kutsogolo kapena kumbuyo, mumve nokha. Kungoti musakaigwiritse kukhoma lakumbuyo, kumeneko besi imachuluka mpaka mawu a anthu mufilimu amamira.

Limbani: Zikomo a Mphatso, zamveka. Kumbuyo sofa singapite, koma kutsogolo ingayende pang'ono. Nanga subwoofer ndiisiye pakonapo?

Tadala: Pakona pamapatsa mphamvu chifukwa makoma awiri ndi pansi zimathandiza, koma pamadzutsanso mafunde onse a chipinda nthawi imodzi. Mwa ena pamayenda bwino, mwa ena ayi. Njira yodziwira n'kukwawa, achimwene. Mukamaliza kusuntha sofa, nyamulani subwoofer muiike pampando wanu, m'mwamba cha pomwe pamakhala mutu wanu. Ikani nyimbo yomwe gitala ya besi imakwera ndi kutsika, ibwerezebwereze. Kenako gwadani muziyenda m'mbali mwa makoma khutu lili pafupi ndi pansi. Musamafune pomwe pakugunda kwambiri. Funani pomwe manoti onse akumveka mofanana, palibe ina yosowa kapena ina yong'ung'udza kuposa inzake. Pamenepo ikani chizindikiro ndi tepi, ndipo ndi pomwe subwoofer ikakhale. Zimatheka chifukwa mukasinthanitsa malo a khutu ndi a subwoofer, chipinda chimayankha chimodzimodzi. Mufunika chingwe chachitali cha RCA. Poti yanu ili ndi chibowo kumbuyo, isiyireni mpata ndi khoma kuti mpweya uzituluka bwino.

Chisomo: Ine changa ndi cha Large ija. Isintheni ikhale Small, crossover (malire pomwe masipika amasiyira besi kwa subwoofer) pa 80 Hz.

Limbani: Koma akutsogolowo ndi aataliatali, oima pansi. Ndikawaika pa Small sindiwapha mphamvu?

Chisomo: Simuwapha. Small ikungouza receiver kuti besi yonse ya pansi pa crossover iichotse ku sipikayo n'kuitumiza ku subwoofer. Pa Large, sipika imalandira zonse mpaka pansi, ndipo masipika oima pansi ambiri safika bwino ku 30 Hz, amangovutika ndi kutopetsa ampu. Chinanso, masipika akutsogolo amaima pomwe pali poyenera kuti mawu azichokera ku TV, osati pomwe besi imamveka bwino. Subwoofer yokha ndi yomwe mungaisunthe momwe mukufunira. 80 Hz ndi muyeso womwe kampani ya THX, yoika miyezo ya phokoso la mafilimu, inakhazikitsa, ndipo pansi pake khutu limavutika kuloza komwe phokoso likuchokera. Timasipika tating'ono takumbuyo tingafune 100 kapena 120. Onaninso kuti simunayatse zotumiza besi kuwiri. Pa receiver ya Denon amalemba LFE+Main, pa Onkyo Double Bass, pa Yamaha Extra Bass. Zimenezo zizimitseni.

Gift: Koma ine yanga ili pa Large ndipo ikugunda bwinobwino.

Chisomo: Ingagunde ndithu akulu, makamaka ngati mumakhala pafupi ndi khoma. Koma kugunda ndi kumveka bwino n'zosiyana. Yesani Small mumvetsere ngati mawu a anthu sayera.

Mphatso: Ndibwererenso pa manambala aja. -12 dB pa ma receiver ambiri ndi malire, kutanthauza kuti batani la voliyumu kumbuyo kwa subwoofer lakwera kwambiri ndipo receiver yatsitsa mpaka yalephera. Libwezeni m'mbuyo, muyezenso, mpaka nambala ichoke pamalire ifike cha m'ma -6. Mtunda wa mamita 4.5 musaukonze. Maiki siiyeza ndi tepi, imayeza nthawi, ndipo zamagetsi za m'kati mwa subwoofer zimachedwetsa phokoso pang'ono. Mukalemba 3, besi ya subwoofer ndi ya masipika zisemphana pa 80 Hz pomwe zimapatsirana ntchito. Batani la crossover la pa subwoofer likwezeni mpaka kumapeto, kapena lowetsani chingwe polembedwa LFE, kuti zosefa ziwiri zisamagwire ntchito imodzi. LPF for LFE mu receiver isiyeni pa 120 Hz, imeneyo ndi ya njira ya besi yokhayokha ya mufilimu (LFE, kapena .1 ya mu 5.1), siikhudzana ndi crossover ya masipika.

Tadala: Mukadzaganizabe zogula, yachiwiri yofanana ndi yomwe muli nayo ndiyo ingathandize kuposa imodzi yaikulu. Todd Welti wa ku kampani ya masipika ya Harman anafufuza zimenezi mu 2002 ndipo anapeza kuti ziwiri zoikidwa pakatikati pa makoma oyang'anizana zimachititsa besi kukhala yofanana kwa anthu okhala m'mipando yosiyana. Ofuna kuona ndi maso amagwiritsa ntchito REW, pulogalamu yaulere ya pakompyuta yoyezera phokoso m'chipinda, ndi maiki ya USB ngati UMIK-1.

Limbani: Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi sofa, kenako kukwawa, ndiyezenso ndi maiki pomaliza. Funso lotsiriza, kabatani ka phase ka kumbuyo kwa subwoofer ndikaike pa 0 kapena 180?

Mphatso: Kasiyeni pa 0 poyeza. Mukamaliza, ikani kulira kwa 80 Hz, inu mukhale pa sofa, wina azisintha kabataniko kumbuyo. Komwe kukumveka kwambiri ndi komwe subwoofer ndi masipika zikugwirizana. Ngati 0 ndi 180 zikumveka pafupifupi mofanana, bwererani pa 0 n'kumasintha mtunda wa subwoofer mu receiver pang'onopang'ono, masentimita 30 nthawi imodzi, mpaka mupeze pomwe 80 Hz yakwera koposa.