Thandizeni akuluakulu: sensa ikuyaka koma PLC sikumva kanthu

Wobisa dzina: Akuluakulu, mutu wanga waima. Ndimagwira pa kampani ina yopakira ufa kuno ku Kanengo. Injiniya wathu anasiya ntchito chifukwa malipiro amachedwa, ndiye abwana angotula zonse pamutu panga, chonsecho ine anandilemba ngati wokonza ma mota. Za ovataimu amangoti "tiona". Sensa ya pa geti ya makina opakira inagundidwa ndi mnyamata wa folokolifiti, yemwenso ndi mlamu wa abwanawo, ndiye palibe angamunene. Ndagula ina ndi ndalama yanga. Ndalumikiza momwe inalili yakale: waya wa bulauni ku 24V, wa buluu ku 0V, wakuda ku I0.3, yomwe ndi input (polowera uthenga wa sensa) ya PLC, kakompyuta koyendetsa makinawo. Ndikayandikiza chitsulo kanyali ka pa sensa kakuyaka bwinobwino, koma pa PLC zii. Lolemba kukubwera thiraki yodzatenga matumba. Kunyumbanso alandilodi akundisaka. Nditani?

Madala wa Panelo: IKANI RELAY APO, kaswichi kotsegulidwa ndi kutsekedwa ndi magetsi. Ana a masiku ano mumafuna chilichonse chilowe mu PLC chindunji. Ife tinayendetsa mafakitale ndi ma relay ndi ma contactor (ma relay akuluakulu) okhaokha inu musanabadwe, ndipo sankatigonetsa panja.

Achemwali a ku Makata: Achimwene, mwatiuza za mlamu ndi alandilodi koma chenicheni mwasiya. Sensayo ndi ya mtundu wa PNP (yopereka 24V pa waya wakuda) kapena NPN (yomukokera ku 0V)? Nanga PLC ndi yanji? Werengani pathupi pa sensapo.

Wa ku Joni: Ine chaka china kuno ndinakhudzitsa waya wa 230V pa input ya 24V. Kunangoti phuu, utsi. Anandidula malipiro mpaka ndinalephera kupita kumudzi pa Khrisimasi. Samalani amwene.

Kamwendo Njiwa: Mwina injiniya uja anasiya atamanga makina 😂 mulipireni kaye.

Madala wa Panelo: Achemwali musamusokoneze mwana ndi ma PNP anuwo. Relay sifunsa mtundu. Koyilo ya relay pa sensa, kontakiti yake ipereke 24V ku input, nkhani yatha.

Achemwali a ku Makata: Madala, koyiloyo mbali inayo aiike kuti? Ikakhala NPN ipita ku 24V, ikakhala PNP ipita ku 0V. Mtundu uja mukuuthawawo wakupezaninso. Komanso geti yotseguka katsekekatseke tsiku lonse, kontakiti ya relay itha msanga.

Madala wa Panelo: Itha msanga relay yanu ya mtengo wa mandasiyo. Zanga zilipo mpaka lero.

Mitsubishi Basi: Mavuto a Siemens amenewo. Pa PLC ya Mitsubishi ya FX3U pali teminolo ya S/S, ukaipatsa 24V imalandira NPN, ukaipatsa 0V imalandira PNP. Palibe kulira.

Achemwali a ku Makata: Ndi chimodzimodzi pa PLC ya Siemens ya S7-1200, kungoti dzina la teminoloyo ndi 1M. Poti mwati I0.3 ndikuganiza ndi Siemens. 1M ikakhala ku 0V, input imadikira kuti ilandire 24V, ndipo imafuna osachepera 15V kuti iwerenge kuti yayaka. Sensa ya NPN sipereka magetsi pa waya wakuda, imamukokera ku 0V. N'chifukwa chake kanyali kake kamayaka koma PLC osamva. Tengani mita yoyezera magetsi, muyeze pakati pa wakuda ndi wa buluu chitsulo chili kutsogolo. Mukaona pafupifupi 24V ndi PNP, ndiye vuto lili kwina.

Wa ku Joni: Kapena angosuntha 1M ija aiike ku 24V.

Achemwali a ku Makata: Ayi, asayerekeze! Pa CPU 1214C, mtundu umodzi wa S7-1200, ma input onse 14 amagawana 1M imodzi. Akasuntha, mabatani ndi masensa ena onse asiya kumveka, akonza chimodzi n'kupha makina onse.

Mlangizi wa Ufulu: Funso langa ndi lina. Muli ndi kalata yosonyeza kuti anakusinthani ntchito? PLC ikapsa adzaloza inu. Ndipo mugulirenji sipeya ndi ndalama yanu?

Madala wa Panelo: Zakalata zalowa bwanji apa? Ntchito imaphunziridwa ndi manja. Ine bwana wanga woyamba ankandilipira ndi nsima ya masana koma lero ndine pano. RELAY.

Fundi Wachete: Ngati sensa ikudya pa power supply ina, 0V yake ilumikizane ndi ya PLC, apo ayi ngakhale PNP singamveke. Ndipo ngati sensayo ndi ya kampani ya Autonics onani kumapeto kwa nambala: PR12-4DN ndi NPN, PR12-4DP ndi PNP. M'sitolo amangokupatsa yomwe ili pafupi.

Kamwendo Njiwa: Thiraki ya Lolembayo ikafika mutiuze, ena tikufuna ufa wotayika.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Bokosi la sensayo ndinataya, ndipo mita anapita nayo injiniya uja, akuti inali yake. PLC ndi yotuwa, ili ndi tinyali tambiri. Abwana angondiimbira kuti ndisagone kunyumba. Bwana Mlangizi, kalata mukunenayo imalembedwa bwanji?

Achemwali a ku Makata: Jambulani sensayo ndi foni mutiponyere, achimwene. Chithunzi chokha.

Madala wa Panelo: Akanamvera ine bwenzi pano akupakira ufa.