Nyerere zosoka masamba zikutha m'munda wanga wa mango

Mlimi wa mango, Salima:
Anzanga ndithandizeni. Mu Okutobala ndinakadula zisa za nyerere zofiira zija zosoka masamba, zina kwa alamu anga kunyanja, zina mumtengo wa malalanje wa aneba, n'kudzazikoleka m'mitengo yanga ya mango a mtundu wa Kent. Ndimafuna zindithandize pa ntchentche zoikira mazira m'mango, poti chaka chatha ogula ankangoti akabenthula bango, m'kati mphutsi zokhazokha. Sabata yoyamba pansi pa mitengo nyerere zakufa zinali mbwee. Pano zisa zauma gwaa, zatsala nyerere zowerengeka. Mankhwala sindinapopere.

Mlangizi wa zipatso, Nkhata Bay:
Bambo, zisa za kwa alamu ndi za kwa aneba munazikoleka mumtengo umodzi?

Mlimi wa mango, Salima:
Ee, alangizi. Ndinkati zichuluke msanga.

Mlangizi wa zipatso, Nkhata Bay:
Mitembo ija yachokera pamenepo. Nyererezi, zimene akatswiri amazitcha Oecophylla longinoda, zimadziwana ndi fungo. Banja limodzi limatha kukhala ndi zisa zambirimbiri m'mitengo ingapo, koma likakumana ndi la manthu (mayi woikira mazira) wina ndi nkhondo mpaka kuphana. Musanasakanize, tengani nyerere zingapo za mtengo uwu muziike pa nthambi ya mtengo uwo. Zikangogundana tinyanga n'kupitirirana, ndi zapachibale. Zikagwirana miyendo n'kuyamba kukokana, zisiyanitseni ndipo nthambi za mitengoyo zisakhudzane.

Koma nkhondo yokha siingamalize zonse. Ndikuganiza kuti munabwera ndi antchito okhaokha, manthu anatsala. Banja lonse limadalira manthu mmodzi, amene amakhala m'chisa chimodzi, ndipo mazira ndi tiana amachita kutinyamula kupita nato ku zisa zinazo. Popanda iye antchito akamafa palibe owalowa m'malo. Zisanso sizikonzedwa, chifukwa ulusi wosokera masamba umachokera m'kamwa mwa tiana. Nyerere yaikulu imaluma kamwana n'kumakayendetsa uku ndi uku pamene zinzake zagwira masamba.

Mphunzitsi wa sayansi, Mangochi:
Zimenezo n'zoona, ndimaziona tsiku ndi tsiku. Ine ndimaweta nyererezi pongosangalala nazo, pa kamtengo ka mandimu ka mu ndowa. Ndowayo ndinaikhazika m'beseni la madzi kuti zisathawe. Manthu wanga ndinam'peza mvula itangoyamba, ali yekha kunsi kwa tsamba, atathothola mapiko, atafungatira mazira. Ndimazipatsa madzi a shuga pa thonje ndi ziwala zakufa. Kungoti njira imeneyi kumunda siingathandize msanga, banja loyamba chonchi limatenga zaka kuti lidzaze mtengo.

Kapitawo wa othyola zipatso, Nkhotakota:
Inu mukukamba zoziweta, nanga okwera mumtengo ndani akuwaganizira? Anyamata anga mtengo wa nyerere amaukana, kapena amati ganyu ikwere mtengo. Zimalowa m'khosi, m'khwapa, mpaka m'makutu. Ndiponso zimaweta kodikodi, bango limada mwaye pafupi ndi chisa.

Mphunzitsi wa sayansi, Mangochi:
Mayi, kuwawa zimawawadi, koma mbola zilibe. Zimaluma n'kuthira asidi pabalapo, pakapita kanthawi ululu watha. Za mbola zenizeni ndi zija za ku South America, Solenopsis invicta, zimene zinasautsa anthu zitalowa ku United States m'ma 1930 ndi ku Brisbane, ku Australia, mu 2001. Zimenezo ngakhale wina akugulitseni pa intaneti musayerekeze.

Mlangizi wa zipatso, Nkhata Bay:
Za kodikodi mayi sakunama, ndipo ndiko kuipa kwake kumeneko. Kwa ine bango lakuda kunja limatsukika, la mphutsi ndi lotaya. Ku Benin kafukufuku wa mu 2007 anaonetsa kuti mitengo ya nyerere zambiri mango ake sawonongeka kwambiri ndi ntchentchezi, ndipo ku China alimi a malalanje ankagula zisa za nyerere za mtundu wapafupi ndi uwu pamsika kalekale, zinalembedwa m'chaka cha 304. Anyamatawo adzole phulusa m'manja ndi m'miyendo, nyerere zimaterereka. Athyole m'mamawa, ndi ndodo ya kathumba kunsonga.

A ku Salima, kaoneninso patsinde. Ngati pali tinyerere tofiirira ta m'nthaka, tina ta mitu ikuluikulu, ameneyo ndi Pheidole megacephala, mdani wamkulu wa zosoka masamba.

Mlimi wa mango, Salima:
Ndangochokako. Tilipo, tachita mzere kukwera thunthu. Pansi ndinapalira mbee.

Mlangizi wa zipatso, Nkhata Bay:
Lekani kupalira chotero, muzingotchetcha. Kulungani pulasitiki pathunthu, mupake girisi pamwamba pa pulasitikiyo, osati pakhungwa. Kenaka bwererani kwa alamu okha. M'mamawa dulani zisa zonse za mtengo umene uli ndi zisa zambiri, ndi zazing'ono zomwe, poti manthu sasankha chisa chachikulu. Chilichonse m'jumbo yake, mumange, musaziike padzuwa. Mukakoleka, lumikizani mitengo ndi chingwe ndipo muziikira mitu ya usipa ndi madzi a shuga pamphanda.

Kapitawo wa othyola zipatso, Nkhotakota:
Alamuwo avomera kuti muwalande manthu? Kayambeni mwawafunsa, bambo, ndipo mukapita mutenge phulusa lodzaza chitini.