Kodi nyimbo zingandiphunzitse kulankhula bwino Chitchaina?

Abale, ndigawireniko nzeru. Ndikuphunzira Chimandarini pomvera nyimbo za pop za ku China ndi ku Taiwan pa YouTube, uku ndikutsatira mawu ake mu pinyin (kulemba Chitchaina m'zilembo ngati zathuzi). Ndaloweza ambiri ndithu.

Pavuta ndi pa matoni, kukweza ndi kutsitsa mawu komwe kumasintha tanthauzo. Chilankhulochi chili ndi matoni 4, koma poimba amasowa chifukwa mawu amangotsatira chuni. Dzulo m'shopu ya Mtchaina ndimati ndinene mǎi, kugula, ine n'kutchula mài, kugulitsa! Bambowo anangondiyang'ana. Zili ngati mtengo wa mango ndi mtengo wa katundu kwathu kuno.

Inu amene munaphunzirapo, matoniwa munawagwira bwanji? Komanso nyimbo za ku Taiwan amazilemba m'zilembo zakale za Chitchaina, kodi sizidzandisokoneza pa mayeso a Chitchaina otchedwa HSK?