DT125 yosalira ya pa Nchalo: nditenge kapena ndiisiye?

Wogula mbuzi, Ngabu: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali munthu pa Nchalo akugulitsa njinga yamoto yakale ya Yamaha DT125 pa K650,000. Matayala akadali bwino, koma sikulira. Akuti yaima chaka chathunthu ndipo vuto ndi pulagi basi. Ine ndimazungulira m'midzi kugula mbuzi, ndipo yakapalasa yandithera mawondo. Nditenge?

Makaniko, Bangula: Achimwene, ikanakhala pulagi yokha, mwiniwakeyo akanagula yekha, n'kuiliza, n'kukweza mtengo. Pitani ndi pulagi yatsopano m'thumba. Ilumikizeni ku waya wake, igunditseni pa chitsulo cha injini, wina aponde kiki. Mukaona moto wabuluu, magetsi ali bwino. Ukapanda kuoneka, yambani mwaona kabatani kozimitsira musanaganize za koilo kapena CDI, kabokosi koyendetsa moto wa pulagi. Mukatero tsekani bowo la pulagi ndi chala chachikulu, aponde kachiwiri. Mpweya uzikankha chalacho mwamphamvu. Ukamangouzira mofooka, ma ringi atha kapena silinda yakandika.

Wakabaza, Dyeratu: Musavutike madala. DT ndi two-stroke, injini yowotcha petulo pamodzi ndi oyilo, ndipo imamwa petulo kwambiri, kuwonjezera apo muzigulanso oyilo wa 2T. Onjezerani ndalama mugule njinga ya Boxer, zipangizo zake zili paliponse.

Mlangizi wopuma, Chikwawa: Mwanawe, Boxer ndi yabwino pa tala, sindikukana. Koma ine ndayenda pa DT zaka zambiri ndikugwira ntchito ya ulangizi kutsidya kwa Shire, ndipo pa mchenga ndi m'makande a nthawi ya mvula sinkandichititsa manyazi. Ndi yopepuka, ikatitimira umaizula wekha. Injini yake ilibe mavalavu ngati a four-stroke, munthu umaimasula pansi pa mtengo wa nimu madzulo n'kubwerera nayo kunyumba. Njinga yoima chaka kawirikawiri ndi kabuleta: petulo wakale amauma n'kusiya zomata zomwe zimatseka tibowo ta majeti. Kutsuka kokha imadzuka.

Mayi a golosale, Nsanje Boma: Bambo, funsani chinthu chimodzi: njingayo inali kuti m'mwezi wa March 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy? Amuna anga anagula ina yooneka bwino chonchi, osadziwa kuti inagonapo m'madzi. Inalira masabata awiri, kenako inayamba phokoso ngati chigayo. Atatsegula anapeza dzimbiri lokhalokha m'kati. Ndalama yokonzera inatipweteka kuposa yogulira, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikaiona kuseri kwa nyumba.

Makaniko, Bangula: Amayi anena zoona, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Mu two-stroke, petulo ndi oyilo zimadutsa pansi pa pisitoni, pomwe pali kiranki, chitsulo chomwe pisitoni imazunguza, zisanakwere kukapsa. Madzi akalowa amakhazikika pomwepo n'kudya mabeyaringi. Masulani chivindikiro cha kumanzere, gwirani magineto, gudumu lopanga magetsi lomangidwa pa kiranki, muigwedeze. Ikamasewera m'mwamba ndi pansi, kapena mukapeza matope ouma m'menemo ndi m'bokosi la fyuluta, tembenukani muzipita. Masilo a kiranki, timalabala totseka mpweya, nawonso amauma njinga ikaima nthawi yaitali, makamaka ndi kutentha kwathu kuno. Akatha, imakoka mpweya wapambali, imavuta kulira, ndipo ikalira imatentha mpaka pisitoni kugwira.

Mlangizi wopuma, Chikwawa: Onaninso pampu ya oyilo, ija ya Autolube, yomwe imathira yokha oyilo wa 2T mu injini. Ambiri anaichotsa n'kumasakaniza oyilo m'thanki. Sizolakwika, bola mudziwe, chifukwa mukathira petulo yekha injini yapita tsiku lomwelo.

Wakabaza, Dyeratu: Nanga mbuzi muziika pati? DT mpando wake ndi waung'ono. Mukafuna two-stroke yonyamula, bola AG100, ili ndi kaliyala wamkulu ndipo tcheni chake n'chotsekeredwa, mchenga sulowa.

Wogula mbuzi, Ngabu: Kaliyala ndikawotcheretsa pa Ngabu pompano, zimenezo sizikundidetsa nkhawa. Koma za madzizi zandiopsa. Ndamuimbira mwiniwake, akuti njingayo inabwera kuchokera ku Blantyre chaka chatha.

Mayi a golosale, Nsanje Boma: Ndiye akuonetseni blue book, chikalata cha umwini wa njingayo. Nambala ya injini ndi ya chasisi zifanane ndi zolembedwamo, ndipo mukasinthitse umwini ku Road Traffic. Popanda zimenezo musapereke ngakhale tambala.

Makaniko, Bangula: Ine maganizo anga ndi awa. Moto ulipo, mpweya ukukankha chala, kiranki sikusewera, mapepala alipo: tengani, koma mtengo autsitse, pakuti mukugula yosalira. Mpweya ukakhala wofooka, muchotsepo ndalama ya pisitoni, ma ringi ndi kubowoletsa silinda ku Limbe. Kiranki ikamasewera, isiyeni.

Wogula mbuzi, Ngabu: Takhuta nonse. Achimwene a ku Bangula, Loweruka muli ndi mpata? Thiransipoti ndi yanga, tikumane pa Nchalo 8 koloko dzuwa lisanakwiye. Pulagi ndi lita imodzi ya petulo ndibwera nazo.

Makaniko, Bangula: Ndifika. Mutengenso kabotolo ka 2T.