Filimu ya mwana wa achimwene yagawanitsa banja, ndimuyankhe chiyani?

Membala wobisa dzina: Moni nonse apagulu. A admin chonde dzina langa lisaoneke, pano pali abale ambiri. Ndine mayi wa ku Mufakose kuno ku Harare, Zimbabwe, makolo athu anachokera ku Dedza nthawi ya Chitaganya. Mwana wa achimwene anga, amene ndamulera ndine chimwalirire mayi ake, wapanga filimu. Loweruka lapitali anaionetsa mu holo ina m'tauni, anaitana banja lonse. Ya kombi ndinalipirira aliyense ndine, poti alamu anga atsopanowa ikafika nkhani ya ndalama foni yawo imazima. Kamera yomwe anajambulirayo inatulukanso m'chipereganyu changa cha ku Mbare Musika komwe ndimagulitsa tomato, koma pothokoza anthu kutsogolo kuja anayambira anzake akusukulu. Zimenezo ndazisiya m'manja mwa Mulungu.

Filimuyo ndi yakuda ndi yoyera basi, ndipo palibe amene akuyankhula. Gogo wina akutsuka mbale imodzi, kutsuka, kutsuka, m'beseni mulibe madzi. Kenako sutikesi yachitsulo ili pakati pa njanji, sitima ikumveka koma siikufika. Kenako mdima, mumdimamo mukumveka malemu bambo athu akuimba, mawu amene mwanayu anawajambula pa foni asanatisiye. Apo misozi inangotsika yokha. Amuna anga anali atagona kalekale. Achinyamata anaimirira kuwomba m'manja. Koma zimene zinaoneka kumapeto zinachititsa amalume kunyamula chipewa n'kutuluka osatsanzika, mpaka lero sakuyankha foni. Akuti mwana wanyoza mizimu. Mwanayo akuti walemekeza agogo ake. Dzulo wandilembera kuti, "Azakhali, inuyo munaiona bwanji?" Akufunanso kukaionetsa pa chiliza cha bambo pa holide ya Heroes mu Ogasiti. Tulo sindikupeza. Ndimuyankhe chiyani?

NaPhiri wa ku Tafara: Pepani mayi. Koma kumapetoko kunaoneka chiyani? Nkhani yonse yagona pamenepo.

Ngozo Mabvuku: Ine sindifunika kuuzidwa, ndadziwa kale. WAONETSA GULE. Ana a masiku ano akagwira kamera amayesa dambwe ndi msika. Makolo athu anasunga gule m'mapulazi ndi m'migodi ya kuno, ku Arcturus, ku Shamva, anthu akuwanena kuti alibe kwawo. Mpaka a UNESCO anamuzindikira Gule Wamkulu mu 2005. Ndiye kamwana kadzulodzuloka kavule chilombo pagulu? Choyamba tiuzeni, mnyamatayo anameta? Ngati sanamete, atenge mbuzi akagwade kwa amalumewo, nkhani yathera pomwepo.

Chisomo Avondale: Bambo Ngozo, mwaulemu, filimuyo mwaionera? Mayiwa sanatchule gule paliponse. Mayi, mafilimu amtunduwu alipo ambiri, ine ndawaonapo ku Alliance Française ndi ku Zimbabwe International Film Festival, yomwe inayamba mu 1998. Safotokoza nkhani yoyambira apa kukathera apo. Amaika zithunzi ndi mawu kuti woonera amve yekha mumtima, n'chifukwa chake anthu awiri okhala pabenchi imodzi amatuluka ndi nkhani zosiyana. Sutikesi ya panjanjiyo ine ndikuona matchona, agogo athu amene anabwera ku Salisbury, Harare ya leroyi, akuti adzagwira ntchito zaka ziwiri, katundu osamasula n'komwe, mpaka anaikidwa konkuno. Mbale yopanda madziyo mwina ndi mayi wotsala kumudzi akudikira. Mwina si zimenezo. Koma inu munalira, ndiye kuti china chake chinakufikani.

Ngozo Mabvuku: Iwe Chisomo, ku Avondale kumeneko mwambo ukuudziwira kuti? "Mwina, mwina." Filimu yoti woonera azichita kulota tanthauzo ndi filimu? Kale tikaonera filimu ku Stodart Hall ku Mbare timatuluka aliyense akudziwa kuti wakuba ndi uyu, wagwidwa chonchi. Malamulo a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pa zinenero 16 zovomerezeka, titavutika zaka zonsezi. Mnyamata wapeza mpata woti chinenero chathu chimveke pa kanema, iye wasankha kukhala duu!

Madalitso K: Amuna anuwo ndi amene anapindula, analipiriridwa kombi n'kukapeza tulo tabwino kkkkk

Mayi a Tadala: Za makamera musandiuze. Pa ukwati wa mwana wanga ku Highfield tinalipira mnyamata wina ndalama yonse. Vidiyo itabwera, theka lake ndi nsapato za anthu ndi denga la tchalitchi, mkwatibwi akuoneka msana wokha. Titadandaula akuti ndi luso. Mpaka lero apongozi anga amati ndinadya ndalamayo ndine.

Mtumiki wa Chigwirizano: Ine langa ndi limodzi. Mawu a munthu womwalira kumawaseweretsa mumdima si bwino. Mwanayo apite naye kwa abusa amupempherere. Ndipo a Ngozo, za gule zanuzo si Mchewa aliyense amazitsata, enafe tinakulira mu CCAP.

Ngozo Mabvuku: Mayi a Chigwirizano, agogo anu ankavinira chiyani mpingo usanafike? Ndi maganizo amenewa atithera mwambo. Mawu a akulu amakoma akagonera, mudzandikumbuka.

Chisomo Avondale: Nanga nyimbo za oimba amene anamwalira zija timamvera pa wailesi tsiku lililonse, timapita nazo kwa abusa?

Che Jafali Dzivarasekwa: Mukungokangana, mayiwa sakuthandizika. Chiliza mwini wake ndi banja, ndipo mawu omaliza ndi a amalume. Musalole kuti ikaonetsedwe kumeneko iwo asanavomere, mwambo ungasokonekere. Itengereni kunyumba kwawo pa laputopu, mukhale inu, iwo ndi mnyamatayo basi. Aloze okha pamene pawapweteka.

Anganga Epworth: Ine sinema ndinasiya kuonera pamene maso anayamba kuvuta. Koma bambo anuwo ankaimba nyimbo yanji? Ngati ndi yamaliro, pali zina siziimbidwa wamba.

Yamikani T: Mumuuzenso kuti filimu yoonetsa pagulu kuno imayenera kudutsa ku Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu. Ndipo mwana wakufunsani mmene munaionera inuyo, sanakufunseni za amalume. Muuzeni zoona, kuti pa nyimbo paja munalira, pa mbale paja simunamve.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. A Ngozo, mnyamatayu ndi waulemu, sanandiyankhepo mwano chibadwire. Chondiwawa china n'choti alamu anga aja ndi amene akuyendayenda kuuza abale kuti ine ndinadziwa zonse poti kamera ndinagula ndine. Munthu woti ngakhale sopo sanamugulirepo mwanayu. Za kumapetozo n'zovuta kulemba pano.

NaPhiri wa ku Tafara: Ndiye tikuthandizani bwanji mayi? Ndilembereni ku inbox.

Ngozo Mabvuku: Mwamva? "N'zovuta kulemba." Ndinanena ine! Mbuzi ikhale yaikazi, ndipo asatume munthu, apite yekha. Akafuna womuperekeza ine Lamlungu masana ndimakhala ndilipo.

Madalitso K: A Ngozo mbuziyo mukuifuna ndinu eti?