N'chifukwa chiyani msewu wachitatu wa ndege ku Heathrow sukumangidwa?

NaBanda_Reading

Ndikupempha amene mumalidziwa bwino bwalo la ndege la Heathrow kuti mundithandize. Mwezi watha, pochokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa, tinafika pamwamba pa London kutangocha, koma m'malo motera ndege inayamba kuzungulira, ndipo pawindo ndinkaona ina ikuzunguliranso m'munsi mwathu. Amene ndinakhala nawo pafupi anandiuza kuti bwaloli lili ndi misewu iwiri yokha yoterapo ndi kunyamukirapo ndege. Popeza nkhani ya msewu wachitatu tinayamba kuimva kalekale, chikuvuta n'chiyani?

Phiri_waKatundu

Mayi NaBanda, anakuuzani zoona. Ndege zikachuluka, oyendetsa bwalo amaziimika pamzere m'mwamba momwemo pa malo anayi, omwe ndi Bovingdon, Lambourne, Ockham ndi Biggin, ndipo iliyonse imatsika pang'onopang'ono kufikira itaitanidwa. Masana msewu umodzi umakhala wa ndege zotera, winawo wa zonyamuka. Lamulo sililola maulendo opitirira 480,000 pa chaka, ndipo bwaloli lili pafupi kwambiri ndi malire amenewa, kotero kuti nkhungu ikangogwa m'mawa, kuchedwako kumafika mpaka madzulo chifukwa palibe mpata wobwezera nthawi yotayika. Mu 2024 munadutsa anthu pafupifupi 84 miliyoni. Ine ndimagwira ntchito ya katundu kufupi ndi bwaloli, ndipo ndimaona momwe makampani amalimbiranira nthawi yoterera, imene imagulitsidwa pa mtengo wa mamiliyoni a madola. Maganizo anga ndi akuti msewuwo ukufunika, chifukwa mpata ukakhala wodula chonchi, kampani imasankha mizinda yopindulitsa kwambiri monga New York, ndipo mizinda ing'onoing'ono ya kwathu imatsalira.

Mlauzi_Leeds

Chimene chachedwetsa kwambiri ndi ndale ndi makhoti. Mu 2015 komiti imene ankaitsogolera a Howard Davies inalangiza boma kuti msewuwo umangidwe kumpoto chakumadzulo kwa bwaloli, ndipo mu 2018 aphungu anavomereza ndi mavoti 415, otsutsa 119. Mu February 2020 khoti la apilo linagamula kuti boma linalakwitsa posaganizira pangano la ku Paris lokhudza kusintha kwa nyengo, koma mu December chaka chomwecho khoti lalikulu kwambiri linathetsa chigamulocho. Nthawi imeneyo n'kuti mliri wa Covid utaimitsa maulendo, ndiye nkhaniyo inazilala. Inadzukanso mu January 2025 pamene nduna ya zachuma, mayi Rachel Reeves, inalengeza kuti boma likufuna msewuwo. Mawu a nduna si chilolezo chomangira, ndipo ntchito yake ndi yaikulu, chifukwa gawo la msewu waukulu wa magalimoto wa M25 liyenera kudutsa pansi pa msewu wa ndegewo.

GogoNachisale_Hounslow

A Phiri, mwalankhula bwino za malonda, koma mundilole ndinene za ife okhala pansi pa njira ya ndege. Ndege imatera moyang'anizana ndi mphepo, ndipo popeza kuno mphepo imachokera kumadzulo masiku ambiri, ndegezo zimatsikira pamwamba pa mzinda n'kudutsa pamadenga athu. Zoyamba zimafika nthawi isanakwane 5 koloko m'mawa. Mdzukulu wanga akamandiwerengera buku lake la kusukulu pakhomo, amaima pakati pa chiganizo, n'kudikira kuti phokoso lidutse, kenako n'kupitiriza osadandaula, chifukwa anabadwira momwemo. Chimene chimatipumitsa n'chakuti pa 3 koloko masana amasinthanitsa misewu iwiri ija, ndiye mbali imodzi imapeza bata kwa theka la tsiku. Ndimaopa kuti ndege zikachuluka bata limeneli lidzachepa. Komanso msewu watsopanowo udzagwetsa nyumba zoposa 700, mudzi wa Longford udzatha, ndipo gawo lalikulu la Harmondsworth lidzapita nawo. Kumeneko kuli anthu amene akhala zaka zambiri osadziwa ngati akonze denga lodontha kapena adikire chipukuta misozi.

NaBanda_Reading

Zikomo nonse. Agogo, za midziyo sindinkazidziwa, ndipo Loweruka likudzali ndikwera basi kupita ku Harmondsworth kuti ndikaone ndekha kutalika kwake ndi mpanda wa bwalo.