Kodi shuga ndi madzi a mu Shire zili m'gulu limodzi?

Wophunzira wa Fomu 2, Nsanje:
Aphunzitsi, ndikupempha thandizo. Taphunzira kuti zinthu zimagawidwa m'magulu a element, compound ndi mixture, koma sindikumvetsa chifukwa chake shuga wa ku Nchalo ali compound pamene madzi a mu Shire ali mixture.

Mphunzitsi wa sayansi, Chikwawa:
Mwafunsa bwino. Yambirani pa atomu, kachidutswa kakang'ono zedi ka chinthu, chifukwa element iliyonse (chinthu chopangidwa ndi maatomu a mtundu umodzi wokha) imadziwika ndi chiwerengero cha mapulotoni, tizidutswa timene tili pakati pa atomu yake: haidrojeni ali ndi 1, kaboni 6, okosijeni 8. Mu molekyulu (kagulu ka maatomu omangana) iliyonse ya shuga muli maatomu 12 a kaboni, 22 a haidrojeni ndi 11 a okosijeni, omangana mwamphamvu moti ngakhale mutasefa chotani simungawalekanitse; n'chifukwa chake shuga ndi compound.

Mlimi wa nzimbe, Nchalo:
Ndiwonjezereko pang'ono. Mukatunga madzi a mu Shire nthawi ya dzinja n'kuwasiya mu ndowa usiku wonse, matope amadikha pansi okha, kusonyeza kuti anangosakanikirana ndi madziwo, ndiye mixture imeneyo.

Mphunzitsi wa sayansi, Chikwawa:
Ndi zoona, bambo, komabe madzi oyera apamwambawo akadali mixture, popeza muli mchere wosungunuka umene umatsalira mumphika madzi akaphwa.